Mafuwa a Nyamiyala

Kwa Tengani ukhoza kuyenda kuchokera kumsewu mpaka kukafika ku Shire osapunthwa pa mwala. Dothi lake ndi lobwera ndi madzi, lofewa, moti galu akakuuwa umasowa chomugenda nacho. N'chifukwa chake amayi akumeneko amaphikira pa zidutswa za njerwa kapena za chulu, mafuwa oti pakangotha miyezi ingapo afumbutuka, mphika n'kupendekeka. Mayi Jesinta okha ndiwo anali ndi mafuwa a miyala yeniyeni, ndipo m'mudzi monse ankawatchula kuti Nyamiyala. Dzinalo sankalikonda, koma ankavomera akaitanidwa.

A Jesinta sanabadwire kuno. Anachokera ku Mutarara m'chaka cha 1986, nkhondo ya ku Mozambique itavuta, ali mtsikana wongokwatiwa kumene, mtolo pamutu, amuna awo a Tomasi ali patsogolo kukankha njinga yopanda tcheni. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera kwawo, koma a Tomasi anali atapeza abale a mayi awo kuno, atapatsidwanso munda wa mapira, ndiye anangokhazikika. Anabereka ana asanu, awiri anamwalira ali aang'ono, ndipo chitsiriza chawo, Maureen, anabwera mochedwa anthu atayamba kale kunena kuti a Jesinta anasiya.

Miyalayo inabwera chonchi. Chaka china a Tomasi anapita kukagwira ganyu yotola thonje kumtunda, cha ku Mwabvi. Pobwerera anaona chipika chitagona m'kamtsinje kouma, makungwa ake ali bwinobwino, ndipo anati apeza nkhuni zaulere. Anakweza nkhwangwa n'kutema. Nkhwangwa inalira ngati belu la kutchalitchi, moto n'kuthetheka, nkhwangwayo n'kubenthuka. Wina akanaliyatsa liwiro poganiza kuti wakumana ndi za ufiti, koma a Tomasi anali munthu wosataya kanthu, woti ngakhale msomali wopindika ankautola. Anasankha zidutswa zitatu zomwe zinali zothyoka kale, chilichonse chachikulu ngati mutu wa munthu, anazimangirira pa njinga, n'kukankha njira yonse.

"Ndakubweretsera nkhuni zosatha," anatero atafika, thukuta lili kamukamu.

A Jesinta anawakalipira kuti munthu wopita kukasaka ndalama sabwera ndi miyala. Koma atayesa kuphikirapo anatseka pakamwa. Mphika unkakhazikika osagwedera. Kumbali kwa miyalayo kunkaoneka makungwa, pamwamba pake mizere yozungulira ngati ya mtengo wodulidwa ndi sowo. Mwala umodzi unabenthukapo ndi moto chaka choyamba chomwecho, koma kuchokera pamenepo sinasinthenso, inangoda ndi mwaye.

Mukawafunsa a Jesinta kuti chakutichakuti chinachitika liti, sakupatsani nambala ya chaka. Moyo wawo anaugawa mwa iwo okha. Pali nthawi ya nkhondo isanafike, pali nthawi ya kukampu ya othawa nkhondo, pali madzi aakulu oyamba asanabwere, pali a Tomasi ali moyo ndi a Tomasi atamwalira, kenako pali Freddy. Madzi aakulu oyambawo ndi a 2015, amene anagwetsa nyumba yawo n'kukwirira bwalo lonse ndi matope. Atabwerako kusukulu kumene anathawira, sanathe kuzindikira pomwe panali khomo lawo. A Tomasi anatenga ndodo n'kumabaya m'matopemo mpaka inagunda cholimba. Anafukula mafuwa atatu aja ali pamalo pake, n'kumanga nyumba ina poyezera pamenepo. Chaka chotsatira a Tomasi anamwalira ndi chifuwa. Pamene namondwe wa Freddy anadzagwetsanso nyumba, anabaya ndi ndodo anali a Jesinta okha.

Maureen anakulira pa mafuwa amenewo. Amayi ake akamutuma kusonkhezera moto ankamupeza atagwada, akukanda mwaye ndi kamtengo, kuwerenga mizere. Makofi anawalandira chifukwa cha ndiwo zopserera. Koma mutu anali nawo, ndipo anakhoza mpaka kukalowa sukulu ya ukachenjede ku Zomba, kumene ankaphunzira za nthaka ndi miyala. A Jesinta anangomva mawu oti nthaka, basi n'kumauza aliyense kuti mwana wawo adzakhala mlangizi wa zaulimi.

Tsono manyazi anayamba ndi bungwe lina limene linabwera kudzagawa mbaula zadothi zosatha nkhuni. Zinthu zake zinali zabwino, sitingakane. Koma tsiku lina mtsikana wa bungwelo, wovala tisheti yobiriwira, analowa m'khitchini mwa a Jesinta osaodira n'komwe, anajambula mafuwa ndi foni, ndipo pamsonkhano wa pansi pa mtondo anayendetsa foniyo m'manja mwa amayi onse.

"Taonani izi," anatero. "Izi ndiye zomwe zikumaliza mitengo, izi ndiye zodwalitsa chifuwa. Zachikale zimenezi tizisiye."

Sanatchule dzina, koma ndani sakanaidziwa miyala ya Nyamiyala? Amayi anaseka chamumtima, ena anaseka mokweza. A Jesinta anangoti zyoli, maso pa zala za kumapazi. Mawu oti chifuwa ndiwo anawabaya kwambiri, poti amuna awo anali atapita ndi chifuwa. Mbaula analandira, anaphikirapo ndithu, koma Freddy anaisungunula pamodzi ndi zipupa, ndiye anabwerera ku miyala yawo mwakachetechete ngati munthu wobwerera ku mowa.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lotentha mpaka m'mafupa litafika, foni inalira. Anali Maureen.

"Mama, Loweruka tikubwera. Tikupita ku Mwabvi ndi anzanga a m'kalasi, koma a Dokotala Pius avomera kuti tipitirire mpaka kwathu. Akufuna adzaone mafuwa anu."

"Mafuwa? Adzaone ninji pa mafuwa?"

"Ndinawauza zonse, mama. Akuti adzajambule, kalasi yonse ione..."

Foni inadukira pomwepo. A Jesinta anakhala pakhonde foni ili m'manja, mutu utaima. Dokotala, kujambula, kalasi yonse ione. Nkhani yake anali kuidziwa kale. Dokotala akafuna kuona pophikira ndiye kuti akufuna utsi, akufuna chifuwa, akufuna chitsanzo cha umbuli choti ana a sukulu alembe. Ndipo mwana wawo, wosadziwa kubisa kanthu ngati bambo ake, anali atadziulula yekha pakati pa ana a anthu olemera kuti kwawo amaphikirabe pa miyala. Akanatha kuimbanso n'kufunsa. Sanaimbe, chifukwa manyazi salola munthu kufunsa, amangomuuza kuti wamva kale.

Anatsimikiza mtima kuti Maureen sasekedwa chifukwa cha iwo. Anapita kwa a Helena, mnansi wawo, kukabwereka mbaula. Anazira khitchini yonse ndi dothi lakuda. Ndiye panatsala miyala. Kuibisa kuseri kwa nyumba sikukanathandiza, poti anthu a mabungwe anachenjera, amazungulira nyumba kufunafuna mafuwa obisidwa. Kuisungitsa kwa a Helena ndiye kuuza mudzi wonse. Lachisanu m'mawa, anthu asanayambe kutunga madzi, a Jesinta anapinda nkhata, anasenza mwala woyamba n'kupita nawo pagombe lalitali pomwe Shire anadya munda wa mkulu wina, a Paison, pamalo akuya pamene ngakhale asodzi amaopa ng'ona. Anauponya. Anabwerera kukatenga wachiwiri, kenako wachitatu. Wachitatuwo anaima nawo pang'ono, poti unali uja wobenthuka, umene a Tomasi ankakonda kunolerapo mpeni. Koma anakumbukira kuseka kwa pansi pa mtondo, n'kuutaya. Pobwerera khosi linkawawa, koma mumtima ankadziyamikira kuti ndi mayi wodziwa kusamala mwana. Atafika anakwirira maenje momwe munali miyalayo n'kuzirapo.

Loweruka minibasi inaima pamsewu, ndipo kunatsika achinyamata ovala zipewa ndi majombo, ena atanyamula tinyundo. Dokotala Pius anali bambo wamfupi wa imvi, wopanda jasi loyera, wopanda chopimira pachifuwa. Anagwada polonjera, zomwe zinawadabwitsa a Jesinta. Maureen ankangomwetulira, mano onse pamtunda. Sanadikire n'komwe kuti alendo amwe madzi.

"Tiyeni, ndi muno," anatero, akuwatsogolera kukhitchini.

Analowa woyamba, n'kuima. Pansi panali posalala, pozira bwino, pakati pali mbaula ya a Helena itakhala ngati mlendo.

"Mama, mafuwa ali kuti?"

A Jesinta anakonza chitenje, n'kuyankha mokweza kuti alendo onse amve, m'Chichewa chija amachisungira anthu a ku boma.

"Mafuwa ife tinasiya kalekale. Kuno timaphikira pa mbaula, bambo. Zachikale zija kuno nkhabe, kulibe."

Mnyamata wina wamtali anaseka pang'ono.

"Maureen, ndiye mitengo ya miyala ija ndi imeneyi? Tayenda ulendo wonsewu ndi kutentha kumeneku kudzaona mbaula?"

Ena anaseka nawo. Wina ananong'ona kuti za kumudzi zimakoma pokamba. Maureen anayang'ana amayi ake, kenako anayang'ana pansi, ndipo a Jesinta anaona mwana wawo atachita zyoli chimodzimodzi momwe iwo anachitira pansi pa mtondo.

Dokotala Pius anawaletsa anyamatawo ndi dzanja, n'kutembenukira kwa a Jesinta.

"Mayi, mwina sitinamvane. Ine si dokotala wa kuchipatala, ndine wa miyala. Mwana wanuyu anatiuza kuti anakulira pa mafuwa a mtengo umene unasanduka mwala, ndipo kuti ndi mafuwawo anamuchititsa kusankha maphunziro amenewa. Analemba nkhani yake, ndipo inali yabwino kuposa za anzake onse. Ndinati tiyeni tikaone kumene zinayambira. Ngati inatayika ndi madzi, palibe mlandu."

Njira yothawira anali atawatsegulira yekha. Akanangoti inde, madzi anakokolola, nkhani ikanathera pomwepo. Koma anali atanena kale kuti anasiya kalekale, ndipo mnyamata wamtali uja anali akumwetulirabe. A Jesinta anaona kuti pamenepa wina ayenera kutuluka ali wabodza, iwo kapena mwana wawo. Anamva manyazi otentha kuyambira kukhosi mpaka kumakutu, manyazi oposa a tsiku la foni lija, chifukwa awa anali odzipangira okha.

"Mwanayu sananame," anatero ndi mawu otsika. "Wanama ndine. Miyala inalipo mpaka dzulo. Ndinaitaya mu Shire."

"Dzulo?" anafunsa Maureen.

"Dzulo, mwananga. Ndinkayesa akubwera kudzakuseka."

Palibe anaseka tsopano, ndipo kusaseka kwawoko kunawawa kuposa kuseka. A Jesinta anatembenuka n'kupita kubafa ya udzu kuseri kwa nyumba. Kumeneko, pafupi ndi sopo, kunali chibenthu chija chinathyoka ndi moto chaka choyamba. Zaka zonsezi anakhala akukwechera nacho zidendene. Chinthu chotere sichionetsedwa kwa mlendo, makamaka mlendo wamwamuna, mphunzitsi wa mwana wako. Anachitsuka msangamsanga, n'kubwera nacho chili chonyowa, atachigwira ndi manja awiri, nkhope atayang'ana kumbali.

"Chatsala ndi ichi. Pepani, ndi cha kubafa."

Dokotala anachilandira ndi manja awirinso. Anatulutsa kagalasi m'thumba, anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuchipereka kwa mnyamata wamtali uja.

"Ona mizere ya mtengo iyo," anamuuza. "Ukamaliza upepese kwa mnzako."

Kenako anapempha kuti akaone pamene miyalayo inaponyedwa. A Jesinta anawatsogolera, akuyenda ngati wopita kubwalo la milandu, amayi a m'mudzi akusuzumira m'mipanda. Pagombe madzi ankangoyenda phee, ofiirira, osaonetsa kanthu. Koma dokotalayo maso ake anali pa chiphompho chimene mtsinje unadula, chotalika kuposa munthu, chokhala ndi mizeremizere. Anatsetserekera pambali pouma, ophunzira n'kumutsatira.

"Poti tafika, tiyeni tiphunzire," anatero. "Mchenga woyera pamwambapa wabwera ndi madzi aposachedwa. Pansi pake pali dothi lakuda, zaka zimene mtsinje unakhala bata anthu n'kumalima. Pansi pakenso mchenga wina, madzi ena akale. Chapansi ndicho chakale, chapamwamba ndicho chatsopano. Miyala ya dziko lapansi inayalana chomwechi, ndipo mbiri ya dziko timaigawa powerenga zoyalanazo."

Anayang'ana kumtunda kumene a Jesinta anaima, n'kupitiriza m'Chichewa chokhachokha kuti nawonso amve. Anati kunali nthawi yaitali kwambiri, yoposa zina zonse kuziphatikiza, pamene zamoyo zambiri zinali tizinthu ta m'madzi tosaoneka ndi maso. Kenako kunabwera nyengo ya moyo wakale, ya nsomba ndi nkhalango zoyamba. Itatha imeneyo kunadza ya moyo wapakati, ya zinyama zikuluzikulu zija mafupa ake anapezeka ku Karonga. Yomaliza ndi ya moyo watsopano, yathu ino, ndipo munthu wangofikamo dzulodzuloli.

"Nanga malire ake mumawadziwa bwanji?" anafunsa a Jesinta, osadziwa kuti alankhula mokweza.

"Malire akuluakulu ndi tsoka, mayi. Pamafika nthawi yoti zamoyo zambiri zafa, zotsala n'kuyambiranso. Pamenepo ndi pomwe timati nyengo iyi yatha, iyi yayamba."

Zimenezo a Jesinta sanafunikire wowamasulira. Nkhondo isanafike, madzi asanabwere, a Tomasi ali moyo. Ankayesa kuti kuwerenga kotero ndi kwa anthu osapita kusukulu, osadziwa kuti dziko lomwe amaliwerenga choncho.

"Ndiye nkhuni za a Tomasi ndi za nyengo iti?"

"Ngati zinachokeradi cha ku Mwabvi, ndiye mwina ndi za kumapeto kwa moyo wakale, nyengo yotchedwa Pemiyani. Mtengowo unagwa, madzi anaukwirira ndi mchenga ngati momwe amakwiririra minda yanu, ndipo pang'onopang'ono mchere wa m'nthaka unalowa m'malo mwa thabwa. Zaka zake ndi mamiliyoni mazana awiri ndi makumi asanu, kapena kuposerapo. Zinyama za ku Karonga zija zinali zisanabadwe. Shire yemweyu kunalibe."

Dzina loti Pemiyani linawamvekera ngati la munthu wa kutchalitchi, ndipo nambalayo sinalowe m'mutu mwawo, inali yaikulu kwambiri. Chimene chinalowa ndi china. Mtengo uja unagona m'nthaka pamene zamoyo zinkafa n'kuyambiranso, unapirira nkhwangwa ya a Tomasi, moto wa tsiku ndi tsiku, madzi a 2015 ndi a Freddy, koma unadzalephera kupirira manyazi a mayi mmodzi a m'mawa umodzi. Anakhala pansi pa udzu wouma. Dokotala anayesa kuwatonthoza kuti mtsinje udzaikwirira bwino miyalayo, kuti siidzaonongeka, ndipo mwina wina adzaifukula m'tsogolo. A Jesinta anathokoza m'chiyankhulo cha kwawo kuti takhuta, koma anadziwa kuti wofukulayo sadzakhala iwo kapena Maureen.

Alendo anadya mapira ophikidwa pa mbaula yobwereka, anayamikira, mnyamata wamtali anapepesa kwa Maureen ndi kwa amayi ake omwe. Dokotala anajambula chibenthu chija atachiika pafupi ndi kanyundo, n'kuchibweza. Pamene ena ankapita kuminibasi, Maureen anatsalira m'khitchini. A Jesinta anamupatsa chibenthucho kuti apite nacho ku Zomba, koma iye anachibwezera m'dzanja mwawo n'kulifumbatitsa.

"Sungani, mama. N'cha baba."

"Ndakuchititsa manyazi pamaso pa anzako."

Maureen anayang'ana pansi pozira paja.

"Mafuwa aja sanandichititsepo manyazi, mama. Ngakhale tsiku limodzi."

Sanawonjezere mawu ena, ndipo a Jesinta anamva bwino lomwe mawu amene mwana wawo anawameza. Anamuperekeza mpaka kumsewu osalankhulana, minibasi inanyamuka, fumbi n'kutsala.

Madzulo ake anabweza mbaula kwa a Helena, amene anafunsa ngati alendo anaikonda. Anati anaikonda. Atabwerera anatola zidutswa zitatu za njerwa pa chibumi cha nyumba yakale n'kulowa nazo m'khitchini. Dothi limene anazira linali litauma, ndipo linali litatitimira pang'ono m'malo atatu, m'maenje momwe miyala ija inakhala zaka zonse. Anaika njerwazo m'maenjemo, koma zinali zazing'ono, mphika unapendekeka. Anaukonza, unapendekekanso.

Kumpoto mitambo inali itayamba kusonkhana, monga imachitira chaka chilichonse mvula ikayandikira. Pakona pa khitchini panali ndodo ija ya a Tomasi, yobayira m'matope. A Jesinta anaiyang'ana nthawi yaitali, chibenthu chili m'dzanja. Madzi adzabweranso, zimenezo aliyense wa kwa Tengani amadziwa, ndipo njerwa zimasungunuka. Anadzifunsa kuti tsiku limenelo ndodoyo idzagunda chiyani kuti iwauze pomwe panali nyumba yawo.